Nsomba za ku Elephant Marsh zimafuna madzi okhalitsa

Msodzi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje sadana ndi madzi osefukira, poti nsomba za m'dambo la Elephant Marsh zimaswana ndi madzi omwewo. Shire akamakwera pang'onopang'ono m'dzinja, mlamba umalowa m'maudzu omira kukaikira mazira, mphende imakumba zisa m'malo osaya, ndipo tiana timabisala m'maudzumo milungu ingapo mpaka titakhwima. Chomwe nsomba imafuna n'choti madziwo akhalitse, osati angokwera kwambiri.

Nyengo yasokoneza pomwepa. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 ankabwera ndi ukali m'masiku ochepa. Mitsinje ya Ruo ndi Mwanza inkatsitsa mchenga ndi matope zomwe zimakwirira mathamanda ndi tinjira todutsa mabwato. Thamanda likakwiririka limakhala losaya, limatentha msanga n'kuphwa mvula ina isanagwe, tiana tili momwemo. Za mabwato, maukonde ndi mono zopita ndi madzi sitinena n'komwe.

Ndiye pali dzuwa la m'chigwa muno, lomwe mu Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, ndipo pamene namasupuni waphimba zinthu zimanyanya. Mukaona mphende zikuyasama pamwamba m'bandakucha, dziwani kuti mpweya watha pansipo. Mlamba ulibe nazo kanthu chifukwa umatha kupuma mpweya wapamtunda, dowe naye amadzikwirira m'matope kudikira mvula. Choncho chaka cha chilala chimapweteka mphende kuposa anzakewa.

Nsomba zambiri zimatayikanso zitagwidwa kale. Yofera mu ukonde madzulo m'madzi ofunda imafika m'mawa itafewa mimba, ndipo wogula akangoitsina amadula mtengo. Nthawi yotentha onjolani ukonde kawiri m'malo mousiya usiku wonse. Tumbulani pomwepo, tsukani ndi madzi oyera, sungani pamthunzi, ndipo wambani tsiku lomwelo pamoto wosalilima, chifukwa moto waukulu umapsereza kunja m'kati muli mwamadzi, pakapita masiku ochepa mphutsi zalowa.

Chimanga chikakanika, alimi ambiri amathamangira kudambo, ena ndi neti ya udzudzu. Netiyo imakokolola tiana tomwe tapulumuka ku mchenga ndi dzuwa. Dambolo lidalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa padziko lonse, mu 2017, koma amene angaletse netiyo padooko ndi makomiti a asodzi ndi mafumu awo.