Mfuti ndi zokambirana mu Star Trek: gwero la mkanganowu

Star Trek, sewero la pa kanema la maulendo a kuthambo, idayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC ku America pa 8 Seputembala 1966, asilikali a America ali pa nkhondo ku Vietnam. Mwini sewerolo, Gene Roddenberry, adayendetsapo ndege zoponya mabomba za B-17 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenaka n'kulowa upolisi ku Los Angeles. Eni kanema ankadana ndi nkhani za ndale, choncho iye adazibisa m'nkhani za maiko a kuthambo.

Anthu amati seweroli limalalikira mtendere. Koma magawo oyambirira amaonetsa kuti zokambirana sizinkapambana pazokha. Mu "A Taste of Armageddon" ya 1967, maiko a Eminiar VII ndi Vendikar akhala akumenyana zaka 500 pa kompyuta: makinawo akati wafa, munthu amakadzipereka yekha kukaphedwa. Kazembe Robert Fox atapita ku Eminiar VII kukakhazikitsa ubale, adangomugwira. Zidatengera Kaputeni Kirk, mtsogoleri wa chombo cha m'seweroli, kuphwanya makompyutawo kuti adaniwo, poopa mabomba enieni, avomere kukambirana. Kazembeyo ntchito adaipeza mfuti italambula kale njira. Mu "Errand of Mercy" namo, anthu a dziko la Organia adaletsa nkhondo ya Kirk ndi a Klingon, mtundu wakuthambo wodana ndi mbali yake, potenthetsa zida zonse mpaka kusagwirika. Umenewo ndi mtendere wochita kukakamiza.

Gawo lowawa ndi "A Private Little War", lomwe lidaonetsedwa pa 2 Febuluwale 1968, chiwembu cha Tet, chomwe asilikali achikomyunizimu adachitira a America ndi anzawo, chitangoyamba kumene ku Vietnam. A Klingon akupereka mfuti za gogodela kwa anthu a m'mudzi pa dziko lina la kuthambo, Kirk akuti a kumapiri nawo apatsidwe zofanana, Dokotala McCoy akukana kwamtuwagalu. Wopambana pa mtsutsowo palibe.

Mu The Next Generation, Star Trek yatsopano yomwe idayamba mu 1987, Roddenberry adabweretsa Picard, kaputeni wodalira pakamwa, ndipo adalamula kuti anthu a Starfleet, gulu la oyendetsa zombo lomwe Picard alimo, asamakangane okhaokha. Alembi adadandaula, ndipo n'zomveka: gawo la mphindi pafupifupi 45 lopanda mkangano limazizira, ndiye mkanganowo ankangoufuna kwa alendo.

Roddenberry adamwalira mu 1991. Deep Space Nine, Star Trek ina yomwe idayamba mu 1993, idamasula chingwecho. Mu "In the Pale Moonlight" ya 1998, Kaputeni Sisko akupeka umboni wabodza kuti akokere mtundu wa a Romulan ku nkhondo yolimbana ndi ufumu wa adani wotchedwa Dominion, Garak, kazitape wakale yemwe akumuthandiza, n'kupha nduna ya a Romulan, Vreenak, pophulitsa chombo chake. Sisko akuvomera kuti atha kukhala nacho chikumbumtima chimenecho, kenaka n'kufufuta zonse zomwe adadzijambula akufotokoza nkhaniyi.