Kiyi wa Windows wa madola 10: mwagula laisensi kapena manambala chabe?

Pa webusaiti ya Microsoft, Windows 11 Home imagulitsidwa madola 139, pamene Windows 11 Pro imafika madola 199. Koma mukangofufuza pa intaneti, mumapeza amalonda ambirimbiri akutsatsa Pro yomweyo pa madola 10 kapena 15, ena kutsika kuposa pamenepo. Mukalipira, imelo imafika nthawi yomweyo, muli zilembo ndi manambala 25 oikidwa m'magulu asanu. Mukawalowetsa kompyuta imavomera, ndipo kauthenga kotopetsa kaja ka pakona ya sikirini, konena kuti "Activate Windows", kamachoka. Ndiye anthu amatifunsa ife okonza makompyuta kuti, "Poti chinthucho chagwira, vuto lili pati?"

Vuto lake n'lakuti kiyi ndi laisensi si chinthu chimodzi. Windows yeniyeniyo, kunena mafailo ake, Microsoft imalola aliyense kuitenga pa webusaiti yake osalipira kanthu. Chimene mumalipira ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho ndiye laisensi. Kiyi ndi nambala imene kompyuta yanu imakaonetsa ku seva ya Microsoft pa ntchito imene timaitcha activation. Sevayo imayang'ana zinthu zochepa: kodi kiyiyu ndi wathu, kodi sitinamutseke, kodi sanapitirire chiwerengero cha makompyuta amene analoledwa. Sidziwa amene wakhala pa kiyibodi, ndipo sidziwa mmene kiyiyo wafikira m'manja mwake. Munthu atakugulitsani kiyi wa nyumba ya mwini wake, chitseko chitseguka ndithu, koma pa mapepala a nyumbayo palibe dzina lanu. Microsoft yomwe inalemba m'mgwirizano umene timadina kuti tavomera osauwerenga uja kuti kutheka kwa activation si umboni wakuti pulogalamuyo ili ndi laisensi yoyenera.

Nanga makiyi otchipawa amachokera kuti? Kuti zimveke, tiyambe ndi njira zimene Microsoft imatulutsira malaisensi ake.

Laisensi ya Retail ndi imene munthu amagula payekha ku Microsoft kapena kwa ogulitsa ovomerezeka. Imakhala ya kompyuta imodzi pa nthawi imodzi, koma mukagula kompyuta ina mungathe kuisamutsa. Ndi yodula ija. Laisensi ya OEM ndi imene makampani opanga makompyuta, monga Dell, HP ndi Lenovo, amagula mochuluka pa mtengo wotsika n'kuika m'makina awo. Imeneyi imamangiriridwa ku kompyuta imene inabwera nayo, makamaka ku motherboard yake (bolodi lalikulu la mkati limene zipangizo zonse zimalumikizidwako), ndipo kompyutayo ikafa laisensi imafera pomwepo. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, kiyi wa OEM salembedwanso pa kapepala komata pansi pa laputopu, amasungidwa mkati mwa motherboard momwemo.

Makiyi ambiri a madola 10 amene timakumana nawo ndi a gulu lachitatu, la malaisensi a mabungwe. Banki, yunivesite kapena ofesi ya boma imene ili ndi makompyuta mazanamazana singamalembe kiyi wakewake pa kompyuta iliyonse. Choncho Microsoft imapereka kiyi mmodzi wotchedwa MAK, amene amaloledwa kuchita activation kangapo, mwina maulendo mazana, malinga ndi zimene bungwelo linagula. Kiyi wotereyu akangotuluka kunja, kaya kudzera mwa wantchito wosakhulupirika kapena mwa akuba a pa intaneti, wamalonda amamugulitsa kwa anthu ambiri, aliyense n'kumaganiza kuti ndi wake yekha. Oyamba kugula zimawayendera. Chiwerengero chikakwana, kapena Microsoft ikaona kiyi wa ofesi imodzi akutulukira m'mayiko osiyanasiyana n'kumutseka, otsatirawo amaona uthenga wokana. Amene anagula kale amatha miyezi osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene adzaike Windows mwatsopano kapena kusintha motherboard. Pamenepo pamatuluka 0xC004C003, kutanthauza kuti kiyi anatsekedwa, kapena 0xC004C008, kutanthauza kuti wagwiritsidwa ntchito mopitirira malire.

Pali chinanso chimene ogulitsawa satchula. Malaisensi a Windows a mabungwe amakhala ongokwezera pamwamba pa laisensi ina imene kompyutayo ili nayo kale. Ngakhale bungwe limene linagula movomerezeka silingaike laisensi yotereyi pa kompyuta imene ilibe laisensi yoyambirira. Tsono inu amene mwadzilumikizira nokha kompyuta yatsopano, kiyi wa MAK sakukupatsani chilolezo chilichonse, ngakhale atakhala kuti sanabedwe.

M'bale wake wa MAK ndi KMS. Apa bungwe limakhala ndi seva yakeyake, ndipo kompyuta iliyonse imayenera kulumikizana nayo pasanathe masiku 180 kuti activation ipitirire. Wamalonda wachinyengo amakupatsani malangizo oti mulembe mizere ingapo imene imalozetsa kompyuta yanu ku seva yake. Sevayo ikazimitsidwa, pakatha miyezi isanu ndi umodzi Windows imayamba kudandaula kuti ikulephera kupeza seva ya bungwe lanu, chonsecho inu muli pakhomo panu, simunalembedwepo ntchito ku bungwe lililonse.

Magwero ena ndi osavuta kuwamvetsa. Pali makiyi amene Microsoft imapereka kwa olemba mapulogalamu amene amalipira Visual Studio, chida cha Microsoft cholembera mapulogalamu, ongoyesera mapulogalamu awo basi. Pali a ophunzira ndi aphunzitsi, a makompyuta akale okonzedwanso, ndi ena ogulidwa m'mayiko amene mtengo ndi wotsika. Oipitsitsa ndi makiyi enieni a Retail ogulidwa ndi makhadi a banki obedwa. Mwini khadi akadandaula ku banki yake ndalama zimabwezedwa, kiyi n'kutsekedwa, koma wakubayo amakhala atalandira kale ndalama zanu zoyera bwino.

Mungathe kuona nokha mtundu wa kiyi amene ali m'kompyuta yanu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe slmgr /dli n'kudina Enter. Pabwera kabokosi, ndipo pa mzere wa Description kumapeto kwake pakhala RETAIL channel, OEM_DM channel, VOLUME_MAK kapena VOLUME_KMSCLIENT. Ngati kompyutayo ndi yanu ya pakhomo ndipo mukuona mawu akuti VOLUME, laisensiyo siinalembedwere inu. Mukalemba slmgr /xpr muona ngati activation ili yokhazikika kapena ili ndi tsiku lothera. Koma musakondwe msanga mukaona RETAIL. Kiyi wogulidwa ndi khadi lobedwa amaonekanso choncho. Kabokosika kamakuuzani mtundu wa kiyi, osati mbiri yake.

Tsopano za malamulo, pakuti apa m'pamene amalonda amabisala. Mawebusaiti ambiri amalemba kuti malonda awo ndi ovomerezeka chifukwa cha chigamulo cha khoti la ku Ulaya. Chigamulocho chilipodi. Pa 3 July 2012, khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa kampani ya UsedSoft ndi Oracle, linagamula kuti munthu amene anagula laisensi yosatha nthawi angathe kuigulitsa kwa wina, ndipo wopanga pulogalamu sangamuletse. Ku Germany khoti lalikulu linali litanena kale mu 2000 kuti Microsoft singaletse amalonda kugulitsa mapulogalamu a OEM popanda kompyuta. N'chifukwa chake ku Ulaya kuli makampani enieni, olembetsedwa, amene amagula malaisensi ku mabungwe amene sakuwafunanso n'kuwagulitsa motchipa.

Koma chigamulo cha 2012 chili ndi malire ake. Laisensiyo iyenera kukhala yoti inagulitsidwa koyamba m'dera la mayiko a Ulayawo ndi chilolezo cha mwini pulogalamu, ikhale yosatha nthawi, ndipo wogula woyambayo asiyiretu kuigwiritsa ntchito, afufute pa makompyuta ake. Ogulitsa enieni amapereka mapepala osonyeza kumene laisensi inachokera, kuti inadutsa m'manja mwa ndani, komanso kalata yotsimikizira kuti mwini woyamba anafufuta. Kiyi mmodzi wogulitsidwa kwa anthu makumi asanu sangakwanitse zimenezi ngakhale pang'ono. Ku Germany komweko kampani ya Lizengo, imene makadi ake a makiyi otchipa ankapezeka ngakhale m'masitolo akuluakulu a Edeka, inachitidwa chipikisheni mu 2020 poganiziridwa za chinyengo, ndipo chaka chomwecho inalengeza kuti yagwa. Kukhala ndi webusaiti yokongola ndi adiresi ya ku Ulaya sikunapangitse makiyiwo kukhala malaisensi.

Ku America zinthu n'zosiyana. Pa mlandu wa Vernor ndi Autodesk mu 2010, khoti la apilo linagamula kuti wogwiritsa ntchito pulogalamu pansi pa mgwirizano woletsa kugulitsa si mwini wake wa pulogalamuyo, choncho alibe ufulu woigulitsa. Mayiko ena ali ndi malamulo awoawo, ndipo chigamulo cha 2012 chija sichimanga khoti la kunja kwa European Union.

Kodi munthu wogula kiyi mmodzi wa pakhomo apolisi amutsata? Microsoft imalimbana kwambiri ndi ogulitsa, osati ndi munthu mmodzi wa laputopu imodzi. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti kiyi amasiya kugwira, wogulitsa sayankhanso maimelo, madola 10 aja n'kulowa m'madzi. Ena amatumiza kiyi wina mosavuta, n'zoona, koma zimenezo zikungosonyeza kuti makiyiwo sawagula pa mtengo uliwonse womveka.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kiyiyo, koma zobwera naye. Mwapereka nambala ya khadi lanu la banki kwa munthu amene malonda ake ndi okayikitsa kale. Ena amatumiza linki yoti mutengerepo Windows kwa iwo, kapena kapulogalamu kothandiza kuchita activation, n'kukuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivirus. Mapulogalamu otere, monga KMSpico, akhala akupezeka atabisidwamo mavairasi oba mapasiwedi. Kiyi payekha ndi manambala chabe, sangalowetse vairasi. Choncho wogulitsa aliyense wokuuzani kuti muike chinachake chochokera kwa iye, kapena wopempha kuti alowe m'kompyuta yanu ali kutali kuti akuthandizeni, musiyeni pomwepo. Windows itengeni pa webusaiti ya Microsoft yokha.

Kwa bizinesi, sukulu kapena bungwe, nkhani imakula. Ofufuza za malaisensi akabwera safunsa ngati Windows ikuonetsa kuti activation inatheka. Amafuna malisiti ndi mapepala a laisensi, kompyuta iliyonse payokha. Imelo yokhala ndi manambala 25 yochokera kwa wamalonda wosadziwika si umboni, ndipo mapeto ake mumagulanso malaisensi onse pa mtengo wathunthu, mwina ndi chindapusa pamwamba. Mwini bizinesi amene katswiri wake wa makompyuta wamubweretsera mtengo wotsika modabwitsa afunse kuti malaisensiwo ndi a mtundu wanji ndipo mapepala ake ali kuti.

Musanatulutse ndalama, yambani mwaona ngati mukufunikiradi kugula. Anthu ambiri amagula kiyi pamene kompyuta yawo ili ndi laisensi kale. Laputopu imene inabwera ndi Windows 10 kapena 11 kuchokera ku fakitale ili ndi kiyi mkati, ndipo kompyuta imene inachitapo activation ya Windows 10 kapena 11 imakumbukiridwa ndi seva ya Microsoft. Mukaika Windows mwatsopano, dumphani pamene ikufunsa kiyi, mulumikize intaneti, izindikira yokha. Chimene chimasokoneza nthawi zambiri n'chakuti wokonza anaika Pro pa kompyuta ya laisensi ya Home. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa Home, osati kugula kiyi. Ndipotu zimene Pro imawonjezera, monga kulumikiza kompyuta ku netiweki ya kampani kapena kuilola kuti muziiyendetsa muli kutali kudzera pa Remote Desktop, munthu wolemba makalata ndi kuonera makanema sazifuna.

Amene akadali pa Windows 10 adziwe kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Laisensi ya Windows 10 imagwiranso pa Windows 11 popanda kulipira, bola kompyutayo ikhale ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati) ndi purosesa yovomerezeka. Ngati ilibe zimenezi, palibe kiyi, wotchipa kapena wodula, amene angasinthe kanthu. Makiyi akale a Windows 7 ndi 8 nawo anasiya kulandiridwa pa Windows 10 ndi 11 mu 2023, ngakhale amalonda ena akuwagulitsabe.

Windows yopanda activation imagwirabe ntchito ndipo imalandirabe zotseka mipata ya chitetezo. Imangokhala ndi kauthenga ka pakona kaja ndi kukuletsani kusintha mitundu ndi chithunzi cha pa sikirini. Si laisensi, koma imakupatsani mpata wosonkhanitsa ndalama osapereka khadi lanu kwa anthu osawadziwa. Ndipo ngati ntchito yanu yambiri imachitikira mu Chrome kapena Firefox, Linux Mint ndi Ubuntu, zimene zimalowa m'malo mwa Windows, n'zaulere mwalamulo, ndipo zimayenda bwino pa makompyuta akale amene Windows 11 ikuwakana.