Chisoti cha dzino chongoyembekezera: chikafunika kukhala miyezi yambiri

Dokotala wa mano akapala dzino kuti aliveke chisoti (chophimba chooneka ngati dzino, chimene chimateteza dzino lowonongeka), amayamba waikapo chongoyembekezera pomwe chenichenicho chikupangidwa ku labu. Kawirikawiri chimakhala masabata awiri kapena atatu. Koma ena amayenera kukhala nacho miyezi 6, mwinanso chaka: amene nkhama zawo zikupola atachitidwa opaleshoni, amene anaikidwa implant (kachitsulo kolowa m'malo mwa muzu wa dzino) yomwe imafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti igwirane ndi fupa la nsagwada, komanso amene mano awo anaperepeseka kwambiri moti dokotala akufuna aone kaye ngati kalumidwe katsopano kawayanja.

Chisoti chotere sichipangidwa ngati cha masabata awiri. Zosakaniza pompopompo m'chipinda cha dokotala, monga bis-acryl, zimaoneka bwino koma sizichedwa kuthyoka zikalumikiza mano angapo. Cholimba ndi pulasitiki ya PMMA youmitsidwa kale ku fakitale, imene makina amasema potsatira chithunzi cha mano anu cha pa kompyuta. Kopanda makinawa, amachiumba ku labu pa chikombole cha mano anu, ndipo amatha kuikamo waya kapena ulusi wagalasi kuti chisasweke. Kuumbira kunja kwa kamwa kuli ndi ubwino winanso: PMMA imatentha pouma, ndipo kutenthako kungapweteke mtsempha wa m'dzino.

Chofunika koposa ndi m'mphepete, pamene chisoti chakumana ndi nkhama. Pakatsala kampata, malovu amasungunula simenti yomatira chisoticho, tizilombo n'kulowa, dzino n'kumawola mwakachetechete. Ndiye mukamva fungo, kunyerenyetsa pomwa zozizira, kapena nkhama zikamatuluka magazi, pitani akachione ngakhale sichikugwedera.

Nzimbe, chimanga chokazinga, mafupa ndi chingamu muzipewe kumbali imeneyo. Tsukani mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Ulusi wotsukira pakati pa mano muziusolola cham'mbali. Mukaukokera m'mwamba ungavule chisoticho.

Chikaguluka, chisungeni bwino n'kubwerera kwa dokotala masiku omwewo, poti mano oyandikana amayamba kusendera ndipo sichingalowenso. Chonde musachimate ndi Super Glue.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri ululu ukatha sabwereranso, makamaka ndalama zikavuta. Ngati simungakwanitse chisoti chenicheni pa nthawi yake, uzani dokotala poyambirira pomwe, kuti akupangireni chongoyembekezera cholimba ndi kukupatsani masiku okachionetsa.