Kodi apolisi angafufuze mpaka liti munthu amene ali kale m'ndende?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri kwa achibale amene amadzera ku ofesi kwanga pochokera kukaona wawo kundende yaikulu ya Zomba, kontena ya nsima ili m'manja. Iwo amakhala atauzidwa kuti "kafukufuku akadali mkati", ndipo amafuna kudziwa ngati mawu amenewa ali ndi polekezera. Lamulo silinaike tsiku loti apolisi atseke doketi ya mlandu waukulu, koma linaika malire pa nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe kuzengedwa, ndipo anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi.

Tiyambe ndi munthu amene ali pa rimandi. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene latsegula. Kuyambira m'chaka cha 2010, pamene lamulo la kazengedwe ka milandu linakonzedwanso, woganiziridwa mlandu wa kukhoti la majisitireti sayenera kusungidwa kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, pomwe pa milandu yakupha, kugwirira, kuba moopseza ndi kuukira boma malire ake ndi masiku 90. Boma likhoza kupempha masiku oonjezera osaposa 30, koma liyenera kupereka chifukwa chomveka.

Masikuwa akatha, mlandu sufa ayi. Chimene chimachitika n'chakuti khoti likhoza kupereka belo, apolisi n'kumapitiriza kufufuza munthuyo ali kwawo. Kunena zoona, ambiri amakhalitsa pa rimandi kuposa pamenepa, nthawi zambiri chifukwa palibe amene anakakumbutsa khoti kuti masiku akwana.

Kwa mkaidi amene anagamulidwa kale, nkhani ndi ina. Malire a masiku 30 ndi 90 aja samuthandiza, popeza chimene chikumusunga ku Zomba, ku Mikuyu kapena ku Domasi ndi chilango chimene khoti linapereka. Apolisi akhoza kufufuza mlandu wina nthawi yonse imene iye akugwira ukaidi, kukamufunsa mafunso kundende komweko, kumutsegulira mlandu watsopano, ngakhalenso kumudikirira pachipata tsiku lotuluka. Ufulu wake wokhala chete ndi woonana ndi loya sutha chifukwa choti wavala yunifomu ya kundende, komanso sangazengedwenso mlandu umene khoti linaugamula kale, kaya linamupeza wolakwa kapena linamumasula.

Milandu ing'onoing'ono ili ndi nthawi yake. Ngati chilango cha mlanduwo sichiposa zaka zitatu, uyenera kuyamba kuzengedwa pasanathe miyezi 12 kuchokera tsiku limene dandaulo linabuka, ndi kutha pasanathe miyezi ina 12 chiyambireni. Mlandu wakupha ulibe malire otero, ndipo ukhoza kudzuka patapita zaka zambiri mboni kapena umboni watsopano ukapezeka.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi achibale ambiri, amene amaona ngati ndi nzeru kukhala chete kuti mwina doketi yachiwiriyo iiwalika. Munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wina akugwirabe ukaidi, chilango chatsopanocho chimayamba choyamba chikatha, pokhapokha khoti litalamula kuti ziwirizo ziyendere limodzi. Mwayi wopempha zimenezi umakhalapo pamene chilango choyamba chisanathe. Akatuluka n'kumangidwanso, amakayamba kuwerenga zaka kuchokera pachiyambi. N'chifukwa chake mkaidi amene akudziwa kuti pali mlandu wina umene ukumudikirira ndimamulangiza kuti akambirane ndi loya mwamsanga, aone ngati sikungamukomere kuti mlanduwo upite kukhoti panopa.

Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, kapena kulankhula ndi alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende. Popita kumeneko atenge tsiku lenileni limene m'bale wawo anamangidwa, dzina la polisi imene inamugwira, ndi tsiku limene anaonekera kukhoti komaliza, chifukwa masiku a rimandi aja amawerengedwa potengera tsiku limene anamangidwa.