Obamacare si chipatala chaulere, funsani amene analemba biluyo

Nkhani ziwiri zimabwerabwera anthu akamakamba za ku America, ndipo zonse ndi zabodza. Yoyamba ndi yoti a Obama anabweretsa chithandizo chaulere m'zipatala. Yachiwiri ndi yoti msonkho umene America imaika pa katundu wochokera ku China amalipira ndi a ku China. Amanena zimenezi ndi anthu ophunzira bwinobwino, ena tikiti ya ndege ili kale m'manja. Onsewa safunsa kuti ndalamayo ikutuluka m'thumba la ndani.

A Max Baucus, amene komiti yawo inaumba gawo lalikulu la lamulo la zaumoyo lotchedwa Obamacare, anakalambira pa funso limeneli. Anali senetala wa chipani cha Democratic woimira dera la Montana kuyambira 1978 mpaka 2014, kenako kazembe wa America ku China mpaka Januwale 2017. Kwa zaka zambiri anali wapampando wa komiti ya zachuma mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America. Komiti imeneyi ndi imene imagwira misonkho, mapangano a malonda ndi mayiko ena, komanso Medicare ndi Medicaid, zomwe ndi ndondomeko za boma zolipirira chipatala okalamba ndi osauka. Ngakhale lamulo la AGOA, la malonda a America ndi mayiko a mu Africa, limadutsa pomwepo. Munthu akakhala pa mpando umenewo saona malonda, msonkho ndi zaumoyo ngati nkhani zitatu, chifukwa zonse zimatapa m'thumba limodzi.

Za malonda sizofunika kutalikitsa. Dyute amalipira ndi amene akulowetsa katunduyo m'dziko. Aliyense amene anaombolapo galimoto pa Songwe kapena pa Mwanza akudziwa kuti MRA situmiza bilu ku Japan. Ku America nako ndi chimodzimodzi. Kampani yoitanitsa katundu imalipira a kasitomu, kenako imakankhira mtengowo kwa wogula, kapena imameza pang'ono, kapena imapanikiza wogulitsa kuti atsitse. A Baucus anavomereza mu 2000 kuti China ichite malonda ndi America mokhazikika, ndipo China inalowa mu WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, mu Disembala 2001. Kwawo ku Montana ndi kwa tirigu ndi ng'ombe, ndiye msika wakunja ankaufuna kwambiri. China itatseka khomo la nyama ya ng'ombe ya ku America mu 2003 chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe, iwo anaiyendera nkhaniyo zaka ndi zaka, ndipo khomolo linatseguka mu 2017 atachoka kale ku Beijing.

A Trump atayamba kukweza misonkho pa katundu wa ku China mu 2018, a Baucus anatsutsa poyera, kunena kuti opweteka akhala alimi ndi ogula a ku America komweko. China inabwezera ndi msonkho wa 25 peresenti pa soya. Boma la America linalengeza thandizo la alimi lofika madola 12 biliyoni mu 2018 ndi madola 16 biliyoni mu 2019. Ndalama zimenezo sizinachokere ku Beijing. Komabe maganizo a a Baucus ali ndi chilema chake, pakuti malonda omasuka aja anatseketsa mafakitale ambiri. Iwo ankadziwa, n'chifukwa chake mu lamulo la malonda la 2002 analimbikira kuti ochotsedwa ntchito chifukwa cha katundu wakunja aziphunzitsidwa luso lina, ndiponso kuti boma liziwabwezera 65 peresenti ya ndalama ya inshuwalansi ya chipatala kudzera m'msonkho. Thandizolo silinafikire anthu ambiri.

Tsono ku zaumoyo. Lamulo la Affordable Care Act, lija timati Obamacare, gawo lake lalikulu linaumbidwa mu komiti ya a Baucus mu 2009. Linadutsa mu Senate pa 24 Disembala 2009 ndi mavoti 60 kwa 39, ndipo a Obama analisainira pa 23 Malichi 2010. Silinamange zipatala za boma zaulere. Linasiya makampani a inshuwalansi pamalo pawo, n'kuwaikira malamulo. Kampani siyingakukaneninso kapena kukukwezerani mtengo chifukwa muli ndi shuga kapena BP. Mwana akhoza kukhala pa inshuwalansi ya makolo mpaka zaka 26. Pa ndalama iliyonse imene kampani yatolera, 80 kapena 85 peresenti iyenera kupita ku chithandizo chenichenicho.

Kungolamula kampani kuti ilandire odwala onse, anthu athanzi angodikira kuti adwale kaye ndiye alembetse, ndipo mitengo ikwera mpaka msika kugwa. Choncho lamulo linakakamiza aliyense kukhala ndi inshuwalansi. Wopanda ankalipira chindapusa, chomwe pofika 2016 chinali madola 695 pa munthu wamkulu kapena 2.5 peresenti ya zopeza zake, kutengera chomwe chakula. Opeza zochepa boma linkawathandiza kulipira. Khothi la Suprimu litaunika nkhaniyi mu Juni 2012, linalola chindapusacho pochiwerenga ngati msonkho basi.

Thandizo lija linayenera kulipiridwa, ndipo apa ndi pamene a Baucus anaumirira. Ankafuna kuti biluyo idzilipire yokha. Anaika msonkho wa 40 peresenti pa inshuwalansi zodula kwambiri zoperekedwa ndi mabwana pantchito, umene unatchedwa Cadillac tax. Panabweranso msonkho wa 2.3 peresenti pa zipangizo zachipatala, ndi misonkho yoonjezera kwa opeza ndalama zambiri.   Zimene zinachitika pambuyo pake n'zoti Cadillac tax inayenera kuyamba mu 2018, inakankhidwa kawiri, mpaka inafafanizidwa mu Disembala 2019 isanatolere ngakhale dola imodzi. Wa zipangizo uja unapita nawo limodzi. Chindapusa chinatsitsidwa kufika pa ziro kuyambira 2019. Mbali zokoma anthu anazisunga, zowawa anazichotsa imodziimodzi, ndipo dzenjelo likukwiriridwa ndi ngongole ya boma.

Pali chinthu china chimene oyamikira ndi onyoza omwe amachidumpha. Mu Meyi 2009 anthu 8, ena a iwo madokotala, anamangidwa pa msonkhano wa komiti ya a Baucus chifukwa chofuula kuti ikambidwenso njira yoti boma lokha lizilipirira aliyense chipatala. A Baucus anaikana njirayo. Anakananso inshuwalansi ya boma yopikisana ndi makampani, ponena kuti siyingapeze mavoti 60 ofunika kuti idutse mu Senate. Koma m'lamulo lomwelo analowetsa ndime ya anthu a ku Libby, tauni ya kwawo ku Montana. Kumeneko kunali mgodi wa vermiculite wa kampani ya W.R. Grace, umene unatsekedwa mu 1990, ndipo fumbi lake linali ndi asbestos. Matenda a asbestos amabisala m'mapapo zaka makumi asanaonekere, moti anthu mazanamazana anamwalira mgodi utatsekedwa kale. Ndime ija inati wopezeka ndi matendawa m'deralo alowe mu Medicare posaona msinkhu wake. A Baucus anapatsa anthu akwawo chimene anakaniza dziko lonse. Mu Seputembala 2017, atapuma, ananena poyera kuti nthawi yakwana yoti America iganizire za boma kulipirira aliyense. Mochedwa.

Zonsezi zikutanthauza kuti wopita ku America akapeza msika osati chipatala cha boma, ndipo msikawo uli ndi masiku ake. Apa ndi pamene anthu athu amagwa. Inshuwalansi ya pa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshuwalansi ya Obamacare, kapena pa msika wa dera limene mukukhala, sigulidwa tsiku lililonse. Kulembetsa kwa aliyense kumatsegulidwa pa 1 Novembala n'kutsekedwa patatha milungu ingapo. Kunja kwa nyengo imeneyo pamafunika chifukwa chovomerezeka, monga kutha kwa inshuwalansi ya kuntchito, kubadwa kwa mwana, kapena kusamukira m'dzikomo kuchokera kunja. Mumapatsidwa masiku 60 basi.

Taonani momwe zimayendera kawirikawiri. Munthu wapata green card ya lotale, chilolezo chokhala ku America mokhazikika, wafika mu Malichi. Achibale akumuuza kuti za inshuwalansi adzazipeza akayamba ntchito. Ntchito yapezeka mu Meyi, koma bwana ali ndi ufulu womudikiritsa mpaka masiku 90 asanamuike pa inshuwalansi, ndipo ntchito za maola ochepa kapena za ganyu nthawi zambiri zilibe n'komwe. Masiku 60 aja atha ali m'tulo. Medicaid nayo si yodalira, chifukwa lamulo la 1996 limadikiritsa ambiri a green card zaka 5, ngakhale madera ena amalola ana ndi amayi oyembekezera. Mankhwala a BP amene anabwera nawo m'chikwama atha mu Juni. Wangowasiya, poti kuonana ndi dokotala wopanda inshuwalansi n'kodula. Mu Ogasiti wagwa. Chipatala chimulandira ndithu, pakuti lamulo la 1986 limakakamiza mbali ya odwala mwadzidzidzi kuthandiza aliyense mpaka atachoka pangozi. Lamulolo silinena kuti chithandizocho n'chaulere. Mabilu amabwera pambuyo, osiyanasiyana, ya chipatala payokha, ya dokotala payokha, ya ambulansi payokha. Zonsezi zikanapewedwa ndi fomu ya ola limodzi m'mwezi woyamba.

Wophonya masiku aja ndiye nyama ya madobadoba. Amaimba foni, amalengeza pa Facebook, amalonjeza inshuwalansi ya mtengo wozizira yoyamba mawa lomwe. Zimene amagulitsa nthawi zambiri ndi za miyezi yochepa, kapena za magulu osonkherana a chipembedzo otchedwa health care sharing ministries, kapena kakhadi kongochotsera mtengo. Zonsezi sizimangidwa ndi malamulo a Obamacare. Akhoza kukana kulipira matenda amene munali nawo kale, ndipo osonkheranawo amalemba okha m'mapepala awo kuti si inshuwalansi ndipo sakulonjeza kulipira. Ena amatenga dzina lanu ndi tsiku lobadwa n'kukusinthirani inshuwalansi inu osadziwa, kuti adyepo komishoni. Funsani mafunso awiri musanapereke nambala ya khadi: kodi ikulipira matenda amene ndili nawo kale kuyambira tsiku loyamba, nanga pa chaka pali malire a ndalama zotuluka m'thumba mwanga? Akayamba kuzungulira, dulani foni. Othandiza kulembetsa ovomerezeka ndi boma, otchedwa navigators, salipiritsa.

Ngakhale pa msika weniweniwo, musathamangire yotsika mtengo pa mwezi. Inshuwalansi zake zili m'magulu: za bronze zimalipira pafupifupi 60 peresenti ya mtengo wa chithandizo, silver 70, gold 80, platinum 90. Bronze ili ndi deductible yaikulu, kutanthauza madola masauzande amene mumayamba mwalipira nokha kampani isanatulutse kanthu. Mu 2025 malire a zotuluka m'thumba la munthu mmodzi anali madola 9,200. Ngati mumapeza zochepa, kuchotsera kwapadera kwa deductible kumapezeka pa silver pokha. Wosankha bronze kuti apulumutse pang'ono pa mwezi amataya thandizo lomwe linali lake.

Amayi obwera kudzalera mdzukulu pa viza ya alendo msikawu suwakhudza. Iwo amafunika inshuwalansi ya paulendo yogulidwa asananyamuke, ndipo muwerenge bwino ndime ya matenda akale, chifukwa shuga ndi BP ndi zimene zimachotsedwa kawirikawiri. Musaiwalenso kuti madera monga California, Massachusetts ndi New Jersey akadali ndi chindapusa chawochawo kwa wopanda inshuwalansi.

Thandizo la boma lija lolipirira inshuwalansi ndi msonkho wobwezedwa pasadakhale, wowerengedwa pa zimene munanena kuti mupeza chaka chimenecho. Mukapeza ntchito yachiwiri kapena malipiro akakwera, kasintheni pa akaunti yanu mwezi womwewo. Kumayambiriro kwa chaka mudzalandira fomu 1095-A, ndipo muyenera kudzaza fomu 8962 popereka za msonkho. Mukapezeka kuti munalandira thandizo loposa mlingo wanu, IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, imafuna ndalamazo zibwerere. Malamulo a thandizoli anasinthidwa mu 2021 n'kusinthidwanso mu 2025, ndiye zimene msuweni wanu anachita zaka zitatu zapitazo musazitengere.