Masamu amene amauza mlimi wa mankhwala tsiku lothyola masamba

Munthu amene anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha khansa amafunika kumapimidwa ngati maselo ena anatsalira. Kuti maselo otsalawo aonekere, kapena kuti amwe ayodini wowapha, amayenera kudzutsidwa ndi homoni yotchedwa TSH. Kale njira inali kumusiyitsa wodwala mapiritsi ake a chithokomiro kwa milungu ingapo kuti thupi lipange lokha TSH yambiri, koma thupilo n'kumafooka. Kuyambira 1998 pali jakisoni wa Thyrogen, amene ndi TSH yopangidwa kufakitale, wobaya kawiri pa masiku awiri otsatizana, mamiligalamu 0.9 ulendo uliwonse. Puloteni imeneyi imapangidwa m'maselo a nyama osungidwa m'matanki, ndipo njirayi ndi yodula. Apa ndi pamene funso limabwera: bwanji osaipanga m'masamba?

Si maloto ayi. Mu 2012 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linavomereza Elelyso, mankhwala a matenda a Gaucher opangidwa m'maselo a karoti. ZMapp, amene anayesedwa pa Ebola mu 2014, anachokera m'chomera cha mtundu wa fodya chotchedwa Nicotiana benthamiana. Chomeracho amachimiza chadodolido m'madzi okhala ndi bakiteriya wa Agrobacterium, n'kuchotsa mpweya ndi pampu kuti madziwo alowe m'masamba. Bakiteriyayo amasiya malangizo a DNA, tsamba n'kuyamba kupanga puloteni ya munthu. Pasanathe sabata, nthawi zambiri, pamakhala pofunika kukolola.

Koma tsiku liti? Ife a masamu ntchito yathu imayambira pamenepa. Tsambalo lili ngati ndowa yobooka: kumwamba puloteni ikulowa, kunsi ikutayika, chifukwa chomera chili ndi timichere tophwanya mapuloteni. Tiyerekeze kuti tsamba likupanga magawo 10 patsiku, n'kumataya gawo limodzi mwa asanu la zimene zilipo. Tsiku loyamba muli 10, lachiwiri 18, lachitatu 24 ndi pang'ono, ndipo zidzaima pa 50 ngakhale mudikire mwezi. Mukachepetsa kutayikako ndi theka, malirewo amafika pa 100 musanawonjezere kapangidwe. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amalimbana ndi kutseka chibowo, mwachitsanzo posunga puloteniyo m'chipinda cha selo momwe siiphwanyika msanga. Ndiye onjezani kuti chomera chimazindikira DNA yachilendo n'kuyamba kuitseka pakamwa, masamba enanso n'kumafota, mupeza kuti mzere wosonyeza kuchuluka kwa puloteni umakwera, kufika pachimake, kenako n'kutsika. Kuwala, kutentha ndi msinkhu wa chomera zonse zimasuntha chimakecho.

TSH imavutanso kawiri. Choyamba, ndi zigawo ziwiri, alpha ndi beta, zofunika kulumikizana. Chigawo chimodzi chikachepa, chotsala cha chinzakecho chimangowonongeka, choncho chiwerengero chiyenera kutsata chochepacho. Chachiwiri, ndipo kwa ine chachikulu, ndi timichira ta shuga tomamatira pa puloteniyo. Ya jakisoni ija ili ndi sialic acid kunsonga, imene imathandiza kuti chiwindi chisaichotse msanga m'magazi. Zomera mwachibadwa siziika shuga ameneyu, m'malo mwake zimaika xylose ndi fucose wa mtundu wake umene munthu alibe. Ku Vienna, mu 2008, ofufuza anatulutsa Nicotiana benthamiana yochepetsedwa kwambiri mashuga awiriwa, ndipo pambuyo pake anasonyeza kuti chomera chikhoza kuphunzitsidwa kuika sialic acid.

Choncho ndikaona masamu amene akungolonjeza mamiligalamu ochuluka pa kilogalamu ya masamba, sindithamangira kuwomba m'manja. Ndimafunsa kuti mwa mamiligalamuwo ndi angati olumikizana bwino, angati ovala shuga woyenera, ndipo angati adzapulumuke posefa madzi obiriwira aja, pakuti kusefako ndiko kumadya gawo lalikulu la ndalama. Manambala onse olowa m'chiwerengerocho ayenera kuchokera pa masamba oyezedwa tsiku ndi tsiku, kenako n'kuyesedwanso pa mbewu zina zimene sizinagwiritsidwe ntchito pochikonza.