Mabuku a mibadwo ku Ireland sanapse onse mu 1922

Ambiri amasiya kufufuza makolo awo a ku Ireland atangomva kuti mapepala onse anapsa. Moto unalikodi. Mu June 1922, Public Record Office, nyumba yosungiramo mapepala a boma ya ku Four Courts mu Dublin, inawonongeka, ndipo mbali yaikulu ya kalembera wa 1821 mpaka 1851, mawilo (makalata ogawa chuma cha masiye) ndi mabuku ambiri a Church of Ireland anapita. Koma kalembera wa 1901 ndi 1911 alipo, mabuku a boma a ana obadwa ndi omwalira kuyambira 1864 aliponso, ndipo mabuku a Akatolika ankasungidwa m'maparishi.

Titenge chitsanzo cha mabanja amene ankayendetsa zigayo: awa ndiye osavuta kuwapeza, chifukwa chigayo chinali chuma cholipirira msonkho. Yambani ndi townland, kadera kakang'ono kwambiri komwe banjalo linkakhala. Madera otere amapitirira 60,000 ndipo dzina ngati Milltown lili m'malo ambiri, choncho lembani parishi ndi county (chigawo) yake nthawi zonse. Mukapanda kutero, mulumikiza mabanja osadziwana n'komwe.

Kenako tsegulani Griffith's Valuation, kaundula wa malo ndi nyumba zolipirira msonkho wa 1847 mpaka 1864. Muwone bwino mizere iwiri: wokhala pamalopo ndi amene anamubwereketsa. Apa mpamene ambiri amaphonya, poti woyendetsa chigayo nthawi zambiri ankachita lendi, sanali mwini malo.

Chomangira ubale weniweni ndi Registry of Deeds, ofesi yolembetsa mapangano a malo, yomwe inayamba mu 1708 ndipo sinapse. Mapangano a lendi ndi a ukwati amatchula bambo, mwana ndi mkamwini. Kufanana kwa mfunda pakokha si umboni.